Momwe kalabu yothandiza anthu ingagwirire ntchito imodzi mpaka kuimaliza

Pa 23 Febuluwale 1905, loya wina wa mumzinda wa Chicago ku America, Paul Harris, anakumana ndi anzake atatu mu ofesi ya mmodzi wa iwo. Anapangana kuti azikumana pafupipafupi, lero mu ofesi ya uyu, ulendo wina mu ofesi ya uyo, ndipo kusinthanasinthana malo kumeneko ndi kumene kunabala dzina la kalabu yawo, Rotary, mawu a Chingerezi onena za kuzungulira. Chimene chimandigwira mtima pa mbiri imeneyi ndi ntchito imene kalabuyo inayamba nayo mu 1907 itaganiza zotumikira mzinda wake: inalimbikitsa kuti mumzindamo mumangidwe zimbudzi zoti aliyense woyenda pamsewu azithandizikirapo. Chimbudzi si chinthu choti munthu n'kujambulitsapo chithunzi monyadira, koma anthu ankachisowa, ndipo chinamangidwa.

Makalabu ambiri a m'madera amatha chifukwa choyamba ntchito zisanu osamaliza ngakhale imodzi, kapena chifukwa cha ndalama zimene palibe akudziwa kumene zinalowera. Malangizo awa ndi a gulu la anthu khumi kapena makumi awiri limene likufuna kutenga ntchito imodzi, kuipezera ndalama, kuigwira ndi manja awo, n'kuisiya m'manja mwa eni ake ikuyenda.

Yambani ndi msonkhano wa mlungu uliwonse

Sankhani tsiku limodzi, nthawi imodzi ndi malo amodzi, ndipo musamasinthesinthe. Munthu amene wajomba milungu itatu azidziwa kuti akabwera Lachinayi nthawi yomwe ija akupezani. Msonkhano usapitirire ola limodzi. Anthu ongodzipereka ali ndi ntchito zawo, ali ndi ana kunyumba, ndipo akaona kuti kalabu ikuwadyera madzulo onse amayamba kupepesa kuti atanganidwa. Wapampando atsegule msonkhano nthawi ikangokwana, ngakhale mutakhala anayi okha. Mukamadikira ochedwa, osunga nthawi aja nawonso amaphunzira kuchedwa.

Mlembi ayambe ndi kuwerenga malonjezo a mlungu watha. Asataye nthawi ndi zonse zimene zinayankhulidwa, angotchula kuti uje anati akaonana ndi mmisiri, uje anati alemba kalata. Wotchulidwayo ayankhe pomwepo kuti wachita kapena sanachite. Kenako msungichuma anene manambala atatu: zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zimene zatsala. Azinena mlungu uliwonse, ngakhale mlungu umene sipanalowe kanthu, kuti makutu a mamembala azolowere kumva za ndalama zawo popanda wina kuchita kufunsa. Nthawi yotsalayo ndi ya ntchito imene ili m'manja. Musanabalalike, mfundo iliyonse ikhale ndi dzina la munthu ndi tsiku lake. Mawu oti "tidzaona" kapena "komiti iona" asalowe m'buku la mlembi.

Kamodzi pa mwezi itanani mlendo, kaya namwino, mphunzitsi kapena wosamalira okalamba, adzakufotokozereni kwa mphindi 15 zimene zimamuvuta pa ntchito yake. Maganizo abwino a ntchito amachokera m'macheza otere.

Funsani eni vuto musanasankhe chochita

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ine ndi anzanga tinapunthwa. Chaka china tinaganiza zotolera mabuku kuti tikapereke pasukulu ina. Tinayendayenda miyezi iwiri, tinadzaza makatoni, tinakatula, ana n'kutiombera m'manja. Patapita miyezi ingapo ndinadutsa pasukulupo, ndipo ndinapeza makatoni aja ali pamwamba pa kabati, ena osatsegulidwa n'komwe. Mabuku ambiri anali ovuta kwa ana a msinkhu wa pamenepo, komanso panalibe mashelefu kapena chipinda chowerengeramo. Mphunzitsi wina wamayi ananditengera kuseri kwa makalasi n'kundionetsa zimbudzi za atsikana. Zinali zinayi, zonse zopanda zitseko, pakhomo pa china atapachikapo chiguduli. Anandiuza kuti atsikana okulirapo amajomba masiku amene ali kumwezi chifukwa alibe pobisala pofuna kusintha. Ndalama zimene tinalipira galimoto yonyamula mabuku zikanatifikitsa patali pogula zitsekozo. Kulakwa kunali kwathu: tinapita ndi yankho, funso tisanafunse. Safunsa anadya phula.

Ndiye tumani anthu awiri kapena atatu akacheze kumalo kumene mukufuna kuthandiza. Asathere mu ofesi ya mkulu wa pamalopo. Akacheze ndi wosesa, mlonda, ophunzira, odikirira odwala, anthu amene vutolo limawakhudza tsiku ndi tsiku. Asafunse kuti "Kodi mungakonde titakubweretserani chakuti?" chifukwa munthu waulemu sakana mphatso, amangothokoza n'kukaiika pakona. Afunse chimene chimawavuta kwambiri, zimene anayesapo kale, ndi chimene chinalepheretsa. Akabwerako, afotokoze zimene anamva m'mawu a eni akewo, osakometsera.

Maganizo akachuluka, yesani lililonse ndi mafunso atatu. Kodi ntchitoyi tingaimalize m'miyezi itatu ndi anthu amene tilipo lero? Kodi pali ofesi ya boma, khonsolo kapena komiti imene ili kale ndi udindo pa chinthucho, ndipo tayankhula nayo? Nanga tikachoka, adzasamale ndani? Funso lomalizali ndi limene limagwetsa maganizo ambiri owoneka okoma. Mpope umafa, thanki imadontha, kompyuta imafuna magetsi ndi woikonza. Ngati palibe munthu kapena komiti imene yavomera ndi pakamwa pake kuti idzasamala, ntchitoyo isiyeni kaye, ngakhale mutaikonda bwanji.

Ndimalimbikitsanso kuti kalabu idziwike ndi chinthu chimodzi. Makalabu ena othandiza anthu otchedwa Lions, amene Melvin Jones anayambitsa ku Chicago mu 1917, anamva pempho la Helen Keller, mayi amene anali wosaona komanso wosamva, pamene anayankhula pa msonkhano wawo waukulu ku Cedar Point m'chigawo cha Ohio mu 1925, n'kuwapempha kuti amenyere nkhondo anthu osaona. Mpaka lero amadziwika ndi ntchito za maso, monga kutolera magalasi akale kuti athandize ena. Rotary inatenga matenda a poliyo mu 1985, ndipo mu 1988 inagwirana manja ndi WHO, UNICEF ndi CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda. Nthawi imeneyo poliyo inkapuwalitsa ana pafupifupi 350,000 pachaka m'mayiko 125, koma lero mayiko amene kachilombo kachilengedwe ka matendawa sikanathebe ndi Afghanistan ndi Pakistan. Kalabu yaing'ono singafike pamenepo, koma phunziro lake ndi lomwelo: anthu akadziwa kuti inu ndi aja a zimbudzi za m'masukulu, kapena aja oyendera okalamba, amadziwa chimene akuperekera ndalama zawo.

Lembani bajeti musanapemphe kanthu kwa aliyense

Pitani kwa ogulitsa atatu mukatenge mitengo yolembedwa papepala. Werengeraninso zimene zimakonda kuiwalika: galimoto yonyamula katundu, misomali, malipiro a mmisiri, malo osungira zipangizo, chilolezo ngati chikufunika. Pamwamba pa zonsezo onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi, chifukwa mitengo imasintha pakati pa tsiku lofunsa ndi tsiku logula. Pambali lembani zimene mungapeze popanda ndalama. Pali membala wa galimoto, pali wina amene ndi kalipentala, ndipo wogulitsa amene sangatulutse ndalama nthawi zambiri savutika kupereka chitini cha penti. Bajeti yonse ikwane pa tsamba limodzi loti membala aliyense angalifotokoze ataimitsidwa panjira.

Kutolera ndalama

Mamembala ayambe kusonkha okha. Wina akakufunsani kuti nanga inuyo mwaikapo zingati, mukhale ndi yankho. Kuchepa kwake kusakuchititseni manyazi. Thumba la ntchito zachifundo la Rotary, limene lero limatchedwa Rotary Foundation, linayamba mu 1917 ndi ganizo la Arch Klumph, amene anali mtsogoleri wa makalabu a Rotary nthawi imeneyo, ndipo chopereka choyamba chinali madola 26.50 ochokera ku kalabu ya ku Kansas City.

Khalani ndi matumba awiri. Loyamba ndi la ndalama za umembala, zoyendetsera kalabu: mapepala, malo okumanirana, zoziziritsa kukhosi. Lachiwiri ndi la ndalama zimene anthu apereka chifukwa cha ntchito imene munawauza. Matumba awiriwa asasakanikirane, ndipo lachiwirilo lisakongozedwe kwa membala aliyense, ngakhale atagwa m'mavuto otani. Mnzanu akadwala kapena akaferedwa, musonkhereni kuchokera m'matumba mwanu. Ndalama za zitseko ndi za zitseko. Tsegulani akaunti ya banki m'dzina la kalabu, osainira akhale atatu, ndipo potapa ndalama pazifunika awiri. Atatuwo asakhale apabanja kapena pachibale. Ngati mumalandira ndalama pafoni, nambala yake ikhale ya kalabu, osati ya munthu.

Njira zotolera ndi zambiri: ulendo wa ndawala ndi makadi olembapo opereka, kutsuka galimoto, kugulitsa zovala ndi katundu amene anthu asiya kugwiritsa ntchito, masewera a mpira olipiritsa pakhomo, chakudya chamadzulo cha matikiti, kapena matikiti a mwayi okhala ndi mphoto. Musanasankhe, chotserani zimene njirayo idye. Chakudya chamadzulo chimaoneka chapamwamba, koma holo, ophika ndi oimba amatha kumeza pafupifupi zonse, mamembala n'kutsala otopa ndi kachenje m'manja. Kwa ine, mwambo umene ukudya kupitirira theka la zimene watolera ndi phwando chabe. Gulitsani matikiti nthawi isanakwane, ndipo pangananitu kuti pakatsala milungu iwiri, ngati ogulidwawo sakukwana kulipira zofunika, muchepetsa mwambowo kapena kuuimitsa. Kumbukiraninso kuti m'mayiko ambiri matikiti a mwayi ndi kutolera ndalama pamsewu zimafuna chilolezo. Funsani ku khonsolo kapena kupolisi musanasindikize kanthu.

Kalata yopita kwa eni mabizinesi ikhale ya tsamba limodzi, ndipo itchule chinthu chenicheni: zitseko zinayi, matumba a simenti akutiakuti, tsiku limene ntchito idzathe. Kalata yongoti "tikupempha thandizo lililonse" imakathera mu dirowa. Ikaperekedwe pamanja ndi membala amene amadziwana ndi mwini malowo, ndipo yemweyo abwerereko pakatha mlungu.

Kuwerenga ndalama

Apa ndi pamene makalabu amadanirana, choncho musachite mwachidule. Mabuku a malisiti ndi a matikiti akhale ndi manambala komanso pepala lotsala. Mlembi alembe kuti buku loyambira nambala yakuti kufika yakuti watenga ndi uje, ndipo wotengayo asaine. Zitini kapena mabokosi otolerera amatidwe ndi tepi, anthu awiri asaine pamwamba pa tepiyo, kuti likatsegulidwa panjira zidziwike.

Mwambo ukatha, anthu atatu akhale patebulo m'chipinda chotseka, zikwama zawo zili pakona. Mmodzi atsegule bokosi limodzi lokha, akhuthulire patebulo, asanje ndalama zamapepala mtundu ndi mtundu, zachitsulo aziunjike khumikhumi, n'kuwerenga mokweza. Wachiwiri awerengenso yekha osayang'ana nambala ya mnzake. Wachitatu sagwira ndalama, ntchito yake ndi kulemba. Manambala awiriwo akagwirizana, mangani ndalamazo ndi mphira, onse atatu asaine, kenako mutsegule bokosi lina. Pomaliza yerekezani ndi mapepala otsala m'mabuku a malisiti. Zikaperewera, lembani kuti zaperewera ndi zingati komanso pa buku la ndani. Musabise, ndipo wina asatulutse zake m'thumba kuti atseke dzenjelo mwakachetechete.

Musalipire aliyense kuchokera m'bokosi, kaya woimba, kaya woyendetsa galimoto. Zonse zikalowe kaye kubanki tsiku lotsatira logwira ntchito, zolipira zidzatuluke ndi siginecha ziwiri zija. Kapepala ka kubanki kadutse m'manja mwa aliyense pa msonkhano wotsatira.

Ena amadandaula kuti zoterezi zikuonetsa ngati simukukhulupirirana. Ine ndinaonapo mayi wokhulupirika, amene anasunga chuma cha gulu zaka zingapo, akutula udindo misozi ili m'maso chifukwa cha manong'onong'o a ndalama zimene anawerenga ali yekha kunyumba. Sanabe, koma analibe mboni. Anthu atatu aja patebulo amateteza msungichuma kuposa wina aliyense.

Tsiku logwira ntchito

Pakatsala mlungu umodzi, gawani ntchito m'timagulu ta anthu atatu kapena anayi, kagulu kalikonse ndi mtsogoleri wake komanso chinthu chimodzi choti kamalize. Zipangizo zifike dzulo lake. Zida zobwereka zilembedwe dzina la mwini wake, chifukwa fosholo yotayika imaziziritsa ubwenzi. Pakhale madzi akumwa, magolovesi ndi bokosi la chithandizo choyamba. Ntchito ya magetsi, kukwera padenga ndi kumanga chinthu chimene chingagwere anthu zisiyireni mmisiri wodziwa, inu muzimuthandiza kunyamula ndi kusakaniza.

Munthu watsopano akafika, apatsidwe chogwira mphindi khumi zisanathe. Amene waima ola lathunthu manja ali m'thumba, akuonerera ena akuseka nkhani zawo, sadzabweranso. Eni malo nawonso agwire nanu. Kholo limene linagwirizira chitseko pamene mmisiri ankakhoma mahinjesi silingalole kuti mwana azilendewera pa chitsekocho.

Kumene kuli ana, wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda, ndipo lamuloli likhudze aliyense, ngakhale wapampando. Musajambule munthu osamupempha, ndipo ana musawajambule popanda chilolezo cha makolo kapena owayang'anira. Zimandipweteka ndikaona chithunzi cha gogo wodwala atagona pansi, pambali pake anthu ovala malaya a kalabu akumwetulira, chili pa Facebook. Jambulani ntchitoyo, jambulani manja akugwira. Umphawi wa munthu si wolengezera kalabu.

Ngati thumba lili lopanda kanthu, pali ntchito zosafuna ndalama zambiri. Imodzi ndi kuitanitsa anthu kudzapereka magazi. Mbali ya kalabu ndi kupeza malo aukhondo, mipando, ndi kukopa anthu, pomwe kuyeza ndi kutenga magaziwo ndi ntchito ya akatswiri a bungwe loona za magazi. Munthu mmodzi amapereka pafupifupi mamililita 450, ndipo maselo ofiira sasungika kupitirira masiku 42. N'chifukwa chake kalabu imene imachita zimenezi kangapo pachaka imathandiza kwambiri kuposa imene imangodzuka pa 14 Juni, tsiku lokumbukira opereka magazi padziko lonse.

Kupereka ntchito kwa eni ake

Mwambo wopereka ukhale waufupi. Chofunika kwambiri ndi pepala limene mbali zonse ziwiri zisaine, lonena zimene zaperekedwa, amene asunge makiyi, ndi amene adzakonze chinthu chikawonongeka. Penti, misomali ndi zina zotsala zisiyeni komweko.

Milungu iwiri isanathe, aliyense amene anapereka alandire lipoti la tsamba limodzi: tinatolera zakuti, tinagula izi ndi izi, zatsala zakuti. Wopereka zochepa alandire lipoti lomwelo limene walandira wopereka zambiri. Ngati ndalama zatsala ndipo mukufuna kuzigwiritsa ntchito pa chinthu china, auzeni operekawo, musangosankha nokha. Amene anagwira ntchito athokozedwe potchula mayina awo pa msonkhano, kuphatikizapo uja ankatunga madzi tsiku lonse. Makalabu ena amasungira kuthokoza kwakukulu pa 5 Disembala, tsiku limene bungwe la United Nations linapatula mu 1985 kuti likhale la anthu ongodzipereka, koma zikomo wa mlungu womwewo asadikire Disembala.

Kenako pumani. Milungu iwiri kapena itatu ingokhala ya macheza ndi kumva mlendo, osayamba ntchito ina, chifukwa anthu amene amasenza kwambiri ndi omwewo nthawi zonse ndipo amatopa osanena.

Tsiku lopereka lomwelo, mlembi alembe m'buku tsiku lina la miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo, ndi mayina a anthu awiri amene adzabwerere kumaloko. Adzapite tsiku wamba, osati la mwambo, atanyamula hamala ndi misomali pang'ono. Akatsegule ndi kutseka chitseko chilichonse, akaone ngati loko ikugwira, akafunse wosesa uja ngati atsikana akulowamo. Chimene chagwedera akachikhome pomwepo. Chimene chawonongekeratu akachilembe pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo lipotilo liwerengedwe pa msonkhano wa mlungu umenewo, mfundo ya ntchito yotsatira isanatsegulidwe.